Funsani Tikuyankheni: Helemeti ndi Mutu wa Wokwera Njinga

Safunsa anadya phula, ndipo mwezi uno owerenga athu ambiri afunsa za chinthu chimodzi, chimene ndi helemeti, chipewa cholimba chija chimene ena amavala akakwera njinga pamene ena amangochikoleka pa handulo. Makalata achokera kwa opalasa njinga, kwa anyamata a kabaza, kwa amayi amene amakwera kabazayo ndiponso kwa makolo. Tasankhapo angapo, ndipo ena tawafupikitsa kuti malo atikwanire.

FUNSO: Ine ndine bambo wa zaka 58, ndipo ndakhala ndikupalasa njinga kuyambira ndili mnyamata. Ndimapita nayo kumunda, kuchigayo ndi kutchalitchi, koma sindinavalepo helemeti. Mwana wanga wa m'tauni wandigulira imodzi ndipo akundiumiriza kuti ndizivala. Kodi chipewa chimenechi si cha anthu a njinga zamoto? Njinga yanga siithamanga kwenikweni, komanso anzanga adzandiseka. Bambo wa ku Salima.

YANKHO: Bambo, mwana wanu wakuganizirani bwino kuposa mmene mukuonera. Anthu ambiri amakhulupirira kuti njinga yakapalasa ndi yosaopsa chifukwa imayenda pang'onopang'ono, koma amaiwala kutalika kwa pamene mutu umagwera. Munthu wamkulu akakhala pa chishalo, mutu wake umakhala pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, ndipo chinthu chimene chagwa kuchokera pamenepo chimafika pansi pa liwiro la pafupifupi makilomita 20 pa ola, ngakhale njingayo ikhale kuti inali chiimire. Kuthamanga kwa njinga kumangowonjezera pa tsoka limene lilipo kale. Inu mukudziwa bwino kuposa ine zimene zimagwetsa munthu pa njinga kwathu kuno: mbuzi yodumphira mumsewu, mchenga wogwira teyala lakutsogolo, thumba la chimanga lopendekeka pa kaliyala, kapena minibasi yokukankhirani m'mphepete mwa phula pamene pagumuka. Pa zonsezi palibe chimene chimafuna kuti mukhale mukuthamanga.

Chimene chimachitika m'mutu ndi ichi. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndi wofewa kwambiri, ndipo umakhala m'timadzi mkati mwa chigaza. Mutu ukamenyetseka pansi, chigaza chimaima mwadzidzidzi, koma ubongo umapitirirabe mpaka kukadzigunda ku fupa lomwelo limene limauteteza, ndipo pamenepo timitsempha ta magazi timatha kuduka. Choncho munthu akhoza kuvulala ubongo chigaza chisanasweke, ndiponso popanda bala looneka kunja. Fupa la mwendo likathyoka amaika pulasitala ndipo limalumikizana, koma mbali ya ubongo imene yawonongeka kawirikawiri sibwereranso mmene inalili, n'chifukwa chake ena amene anagwa pa njinga amatsala akuvutika kulankhula, akuiwalaiwala, kapena akugwa khunyu.

Ntchito ya helemeti ndi kuchedwetsa kuima kwa mutu. Aliyense amadziwa kuti kudumphira pa mulu wa mchenga n'kosiyana ndi kudumphira pa simenti, ngakhale kutalika kukhale kumodzimodzi, chifukwa mchenga umalowa pansi n'kumwa mphamvu ya kugwako. Mkati mwa helemeti muli fomu yolimba, yofanana ndi yoyera ija imene amatchinjirizira wailesi ya kanema yatsopano m'katoni, ndipo fomu imeneyi imaphwanyika pang'onopang'ono m'malo mwa mutu wanu. M'chaka cha 2016 ofufuza a pa yunivesite ya New South Wales ku Australia anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana 40 wokhudza opalasa njinga oposa 64,000 amene anachita ngozi, ndipo anapeza kuti helemeti imachepetsa kuvulala mutu ndi 51 peresenti, kuvulala mutu koopsa ndi 69 peresenti, ndipo imfa yobwera chifukwa cha kuvulala mutu ndi 65 peresenti.

Ngakhale akatswiri a mpikisano wa njinga, amene amadya chifukwa cha kupalasa, anayamba aikana helemeti ponena kuti imatentha ndi kulemera. M'chaka cha 1995 Fabio Casartelli wa ku Italy, amene anapata mendulo ya golide pa masewera a Olympic a 1992, anagwa potsika phiri mu mpikisano wa Tour de France n'kumwalira ali ndi zaka 24, asanavale helemeti. Mu Malichi 2003 Andrey Kivilev wa ku Kazakhstan anagwa mu mpikisano wa Paris-Nice, nayenso mutu uli pamtunda, ndipo anamwalira tsiku lotsatira. Pasanathe miyezi iwiri bungwe la UCI, limene limayendetsa masewerawa pa dziko lonse, linalamula kuti opikisana azivala helemeti. Ngati kugwa kunawapeza anthu odziwa njinga chotero, zaka zanu zambiri pa chishalo sizikupatsani chitsimikizo chilichonse, pajatu chakudza sichiimba ng'oma. Kunena za kusekedwa, anzanuwo adzaseka sabata imodzi kenako adzazolowera, ndipo mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

FUNSO: Ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Helemeti yeniyeni ndi yodula, choncho ndimavala chipewa chachikasu cha pulasitiki chimene amavala omanga nyumba. Anzanga ena ali nayo yeniyeni koma samanga lamba chifukwa cha kutentha. Kodi pali kusiyana kwenikweni, poti zonsezi ndi zolimba? Wakabaza wa ku Lilongwe.

YANKHO: Achimwene, kusiyana kulipo ndipo ndi kwakukulu. Chipewa cha omanga nyumba chinapangidwira munthu amene waima, kuti njerwa kapena hamala ikagwa kuchokera pamwamba isamuboole paliwombo. Mkati mwake mulibe fomu yomwa mphamvu, muli timalamba tokha, ndipo sichiphimba m'mbali mwa mutu kapena kunkhongo, kumene wogwa pa njinga amamenyetsa kawirikawiri. Zambiri zilibenso lamba wodalirika wa pachibwano, moti pa ngozi chipewacho chimauluka choyamba, mutu n'kufika pa phula uli wokha. Chimene chipewa chotere chimateteza bwino ndi dzuwa basi.

Helemeti yoyenera ili ndi mbali zinayi: chigoba cholimba chakunja chimene chimamwaza mphamvu ndi kutsetsereka pa phula, fomu yolimba yokhuthala, nsalu yofewa yokhudza khungu, ndi lamba. Pogula, kanikizani mkati ndi chala chachikulu. Mukapeza siponji yofewa yokha, imene chala chikulowa mpaka kukhudza chigoba, dziwani kuti mukugula chokongoletsa mutu. Yang'ananinso chizindikiro chosonyeza kuti inayesedwa. Ya njinga yamoto imakhala ndi ECE 22.05 kapena ECE 22.06, imene kansalu kake kamasokedwa pa lamba ndipo kamakhala ndi chilembo cha E m'kati mwa mzere wozungulira, kapena imakhala ndi DOT ya ku America kumbuyo kwake. Ya njinga yakapalasa imakhala ndi EN 1078 kapena CPSC. Ndikuchenjezeni kuti kapepala komata n'kosavuta kupanga mwachinyengo, choncho diso ndi chala chanu zisagone chifukwa chakuti mwaona zilembo. Musasinthanitsenso mitundu, chifukwa helemeti yopepuka ya mabowo ambiri ya njinga yakapalasa siinapangidwire liwiro la njinga yamoto. Kwa inu yabwino koposa ndi yophimba nkhope yonse, popeza nsagwada ndi mano nazonso zimafika pansi.

Za anzanu osamanga lamba, ndinene mosabisa kuti iwo ndi inu muli m'gulu limodzi. Helemeti yosamanga imavuka munthu akangoyamba kugwa, ndipo ndaonapo ambiri amene amaivala akangoona apolisi apamsewu patsogolo, n'kuibwezera pa chigongono akangodutsa, ngati kuti phula limakhala lolimba pa rodibuloko pokha. Malamulo a pamsewu a dziko lino amafuna kuti woyendetsa njinga yamoto ndi wokwezedwayo onse avale helemeti, koma chindapusa ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi chifukwa chimene lamulolo linaikidwira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2018 kuti kuvala helemeti moyenera pa njinga yamoto kumachepetsa imfa ndi 42 peresenti ndipo kuvulala mutu ndi 69 peresenti, ndipo mawu ofunika pamenepa ndi akuti moyenera. Helemeti ikhale yokuthinani pang'ono mbali zonse popanda kupweteka, isamagwedere mukapukusa mutu, ndipo lamba amangidwe moti chala chimodzi kapena ziwiri zokha n'zimene zingalowe pansi pa chibwano. Mukaikoka kuchokera kumbuyo n'kutheka kuvuka, ndiye kuti ndi yaikulu kapena lamba walekerera. Pa za kutentha, sankhani ya mtundu woyera kapena wowala yokhala ndi tizibowo ta mpweya, imenenso imathandiza kuti oyendetsa galimoto akuoneni msanga. Ngati njingayo ili ndi mwini wake amene mumakamupatsa ndalama madzulo, maganizo anga ndi akuti mahelemeti awiri abwino ndi udindo wake, monga mmene matayala ndi mabuleki alili udindo wake.

FUNSO: Ndimakwera kabaza tsiku lililonse popita kumsika, koma helemeti imene amandipatsa imakhala yonunkha thukuta ndipo yavalidwa ndi anthu ambirimbiri. Ndimaopa nsabwe ndi zipere, komanso imandiwonongera tsitsi ndikangomangitsa kumene. Nditani? Mayi wa ku Ndirande, Blantyre.

YANKHO: Mayi, dandaulo lanu ndi lomveka ndipo sindikufuna kulipeputsa, chifukwa n'zoona kuti nsabwe ndi zipere zikhoza kufala pobwerekana zovala kumutu. Koma matenda awiriwa ali ndi mankhwala, pamene kuvulala ubongo nthawi zambiri kumasiya chilema cha moyo wonse. Njira yapafupi ndi kuyenda ndi duku lopyapyala kapena kachipewa ka nsalu m'chikwama, n'kumavala mkati mwa helemeti, kenako n'kumachapa mukafika kunyumba. Lisakhale duku lokhuthala kapena la mfundo yaikulu, chifukwa limeneli limakweza helemeti m'mwamba n'kusiya chipumi pamtunda. Popeza mumakwera tsiku lililonse, njira yabwino koposa ndi kusunga ndalama pang'onopang'ono mpaka mutagula yanuyanu yokukwanani, chifukwa ya wakabaza imakhala ya saizi imodzi yoti ikwane aliyense, ndipo chokwana aliyense sichikwana bwino munthu aliyense. Pomangitsa tsitsi, muwauze a ku saluni kuti mumakwera njinga, ndipo akumangeni masitayilo ogona otsikira kunkhongo m'malo mwa ounjika pamwamba pa mutu.

Kwa anyamata a kabaza amene akuwerenga, nsalu ya mkati mwa mahelemeti ambiri imachoka ndipo imachapika ndi sopo wamba, n'kuumitsa pamthunzi. Musatsukire petulo kapena parafini, chifukwa mafuta amenewa amadya fomu ndi kufooketsa chigoba. Wokwera akakana helemeti chifukwa cha fungo, mlandu wina uli kwa inu.

FUNSO: Ndinagula helemeti ya njinga yakapalasa pa kaunjika pa mtengo wotsika. Mwezi watha ndinagwa nayo potsika mtunda ndipo ndinamenyetsa mutu, koma kunja ikungooneka yokalika pang'ono. Kodi ndipitirize kuivala? Wophunzira wa ku Mzuzu.

YANKHO: Ayi, musapitirize, helemeti imeneyo yagwira kale ntchito yake ndipo muyenera kuithokoza n'kuitaya. Fomu ya mkati, imene dzina lake ndi polystyrene, imateteza mwa kuphwanyika, ndipo ikaphwanyika siibwereranso mmene inalili ngati siponji. Chigoba chakunja chikhoza kuoneka bwinobwino pamene pansi pake fomu yaphwatalala kapena yang'ambika, moti mukadzagweranso pamalo omwewo mphamvu yonse idzafika pa chigaza. Pachifukwa chomwechi helemeti ya pa kaunjika ndi yokayikitsa, popeza simungadziwe ngati mwini wake woyamba anaitaya chifukwa chakuti inamuchepera kapena chifukwa chakuti anagwa nayo.

Komabe ndikudziwa mmene matumba alili, ndipo sindingauze wophunzira kuti ayende mutu uli pamtunda chifukwa chakuti alibe ndalama ya yatsopano. Ngati kaunjika ndiye njira yokhayo, chotsani tinsalu ta mkati n'kuyang'anitsitsa fomu pa kuwala. Ikaoneka yong'aluka, yophwatalala pena pake, yofumbutuka, kapena yolekana ndi chigoba, isiyeni. Kokani malamba mwamphamvu ndipo yesani chomangira kangapo kuti muone ngati chikugwira. Mahelemeti ambiri amakhala ndi kapepala mkati kosonyeza chaka chimene anapangidwa, ndipo yakalekale kwambiri ndi yosafunika kuiponyera ndalama. Mukagula, musamaisiye padzuwa tsiku lonse kapena pafupi ndi mbaula, ndiponso musamaikhalire ngati mpando.

FUNSO: Mlongo wanga wa ku Johannesburg watumizira ana anga nsapato za mateyala ndi kathabwa ka mateyala kotchedwa skateboard. Amasewera nazo pa simenti ya pakhomo ndi pamsewu wa kutsogolo kwa nyumba. Kodi masewera a pakhomo otere amafunanso helemeti? Mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Amafuna, Mayi, ndipo mwina kuposa mmene mukuganizira. Wopalasa njinga kawirikawiri amagwera kutsogolo kapena chammbali, koma wosewera pa mateyala, makamaka wongoyamba kumene, mapazi amamuthawira kutsogolo n'kugwa chagada, ndipo chimene chimayamba kufika pa simenti ndi nkhongo, kumene manja sangathandize kutchinjiriza. N'chifukwa chake helemeti ya masewerawa imakhala yozungulira ngati mbale yakuya ndipo imatsika kwambiri kumbuyo kwa mutu. Chizindikiro cha EN 1078 chimene ndatchula kale chimakhudza njinga yakapalasa, skateboard ndi nsapato za mateyala zomwe, pamene cha ASTM F1492 ndi cha ku America cha skateboard makamaka. Onjezani zotchinjiriza pa mfundo za manja, m'zigongono ndi m'mawondo, chifukwa kuthyoka dzanja pafupi ndi chikhato ndi kuvulala kofala kwambiri pa masewerawa.

Musagule yaikulu poganiza kuti mwana adzakuliramo, monga timachitira ndi yunifolomu ya sukulu. Yezani mutu wa mwana ndi tepi ya telala, kuzungulira pamwamba pang'ono pa nsidze, n'kugula yogwirizana ndi masentimita amenewo. Ikhale yowongoka pamutu, mpata wa pakati pa nsidze ndi mlomo wa helemeti ukhale wa zala ziwiri za mwanayo, ndipo malamba a m'mbali akumane pansi penipeni pa khutu. Ana amakonda kuikankhira kumbuyo ngati kapusi, zimene zimasiya chipumi chonse pamtunda. Pali chinanso chimene makolo ambiri sachidziwa: mwana akatsika pa mateyala kapena pa njinga n'kupita kukakwera mtengo wa mango kapena kukasewera pa katungwe, avule helemeti, chifukwa ikhoza kukodwa pa nthambi lamba n'kumupotokola pakhosi.

Za pamsewu, langizo langa ndi lakuti muwaletse. Timateyala tating'ono timeneti timaima nthawi yomweyo tikakumana ndi kamwala kapena mng'alu, skateboard ilibe mabuleki, ndipo Zomba ndi mzinda wa zitunda. Asewere pa bwalo losalala lopanda galimoto. Ndipo ngati inu kapena bambo awo mumakwera njinga, valani yanu, popeza mwana satsatira lamulo limene akuona kuti wolipereka sakulisunga.

FUNSO: Ine ndimaona ngati nkhani ya helemeti ndi malonda chabe. Munthu akagundidwa ndi lole pa msewu wa M1, chipewa chingamupulumutse? Ndinamvanso kuti ku Netherlands, kumene njinga ndi zambiri, anthu savala. Tsiku likakwana lakwana basi. Wowerenga wa ku Dedza.

YANKHO: Pa mfundo yanu yoyamba mukunena zoona, ndipo aliyense wokuuzani kuti helemeti imateteza ku chilichonse akukunamizani. Ya njinga yakapalasa amaiyesa poigwetsa kuchokera pa mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, ndipo palibe chipewa chimene chingalimbane ndi teyala la lole yodzaza simenti. Siiteteza chifuwa, msana kapena miyendo, ndiponso siithetseratu kugwedezeka kwa ubongo. Koma ngozi zambiri za pa njinga si za kupondedwa ndi lole. Zambiri ndi za kugwa wekha, kugundana ndi njinga inzake, kapena kukhudzidwa ndi galimoto n'kuponyedwa pansi, ndipo pa ngozi zoterezi chimene chimasiyanitsa wopita kunyumba ndi mabala ndi wopita kuchipatala ali chikomokere ndi mmene mutu wafikira pansi.

Za ku Netherlands n'zoonanso kuti opalasa ambiri savala helemeti, koma nkhaniyo ili ndi mbali ina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 dzikolo lakhala likumanga misewu ya njinga yosiyana ndi ya galimoto ndi kuchepetsa liwiro la galimoto m'malo okhala anthu, moti wopalasa amatetezedwa ndi msewu womwewo. Ena anasankha njira ya lamulo, monga chigawo cha Victoria ku Australia chimene chinakakamiza opalasa onse kuvala helemeti mu 1990, ndi dziko la New Zealand limene linachita chimodzimodzi mu 1994, ndipo mpaka lero akatswiri amatsutsana ngati kukakamiza kotere sikufooketsa ena kupalasa. Koma mtsutso umenewo ndi wa lamulo, si wakuti helemeti imateteza kapena ayi. Inu pa M1 mumagawana phula lopapatiza ndi malole, mabasi, maminibasi ndi ngolo, ndipo chitetezo chimene munthu wa ku Amsterdam amachipeza ku msewu wake inu mulibe. Lipoti la WHO la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, opalasa njinga ndi okwera njinga zamoto, ndipo chigawo cha Africa ndicho chili ndi imfa zambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Ndivomereze kuti pothana ndi lole mumafunika zina: kuyenda kumanzere motsata galimoto osati moyang'anizana nazo, nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, jekete yonyezimira usiku, mabuleki ogwira, ndi kusakwera njinga mutalawa mowa. Helemeti imabwera pamene zonsezi zalephera.

Za tsiku lokwana sinditsutsana nanu, chifukwa ndi nkhani ya chikhulupiriro. Ndingokufunsani ngati simutseka chitseko usiku, ndiponso ngati ana anu sagona m'masikito.

FUNSO: Mwana wa mnansi wathu anagwa pa njinga madzulo, anakomoka pang'ono, kenako anadzuka n'kuyenda yekha mpaka kunyumba akuseka. Usiku anayamba kusanza ndipo anavuta kudzutsa, mpaka tinathamangira naye kuchipatala kumene anamuchita opaleshoni. Zinatheka bwanji munthu amene anali bwinobwino? Nanga tikapeza munthu wagwa atavala helemeti, timuvule? Bambo wa ku Mulanje.

YANKHO: Bambo, munachita bwino kuthamanga, ndipo zimene mwafotokozazi madokotala amazidziwa bwino. M'mbali mwa mutu, pamwamba pang'ono ndi kutsogolo kwa khutu, fupa la chigaza ndi lopyapyala, ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wa magazi. Mtsemphawu ukang'ambika, magazi amayamba kuunjikana pakati pa fupa ndi chikopa chimene chimakuta ubongo. Poyamba amakhala ochepa, choncho munthu amadzuka, amalankhula ndi kuyenda. Koma chigaza sichifutukuka, ndipo magaziwo akamachuluka amayamba kupanikiza ubongo mpaka munthu kukomokanso patapita maola angapo. Zimenezi zinamuchitikira Natasha Richardson, katswiri wa zisudzo wa ku England, amene mu Malichi 2009 anagwa pophunzira masewera otsetsereka pa chipale chofewa ku Mont Tremblant m'dziko la Canada asanavale helemeti. Anadzuka akulankhula bwinobwino n'kukana thandizo la achipatala poyamba, koma anamwalira patapita masiku awiri ali ndi zaka 45.

Choncho aliyense amene wamenyetsa mutu n'kukomoka, ngakhale kwa kamphindi, apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti kuche. Chimodzimodzinso amene akusanza mobwerezabwereza, amene mutu ukumupwetekerapwetekera, amene akusinza modabwitsa kapena kuvuta kudzutsa, amene akusokonezeka kapena sakukumbukira zimene zachitika, amene akutuluka magazi kapena timadzi toyera m'khutu kapena m'mphuno, amene dzanja kapena mwendo wafooka, amene akugwedezeka ngati wakhunyu, kapena amene kamwanadiso kamodzi kakula kuposa kanzake. Musataye nthawi poganiza kuti mudikire muone, chifukwa makina ounikira m'mutu otchedwa CT scan ndi madokotala ochita opaleshoni ya ubongo amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo wochokera kumudzi amayenera kudutsa kuchipatala chaching'ono ndi cha boma la kwawo asanafike kumeneko. Ulendo wonsewo umadya maola omwewo amene magazi akuunjikana. Amene waonedwa n'kubwezedwa kunyumba asagone yekha usiku woyamba, asamwe mowa, ndipo pakhale wina womuyang'anira.

Pa funso lanu lachiwiri, musafulumire kumuvula helemeti, makamaka yophimba nkhope yonse ya njinga yamoto. Munthu amene wamenyetsa mutu mwamphamvu akhoza kukhala atavulalanso fupa la khosi, ndipo kukoka helemeti kapena kumunyamula mutu uli lendelende kungathe kudula mtsempha wa msana n'kumupuwalitsa. Yambani ndi kuimitsa galimoto kuti asagundidwenso, tsekulani galasi la helemeti kuti apume bwino, mulankhuleni, ndipo wina agwire mutu wake kuti usagwedezeke. Musamumwetse madzi, musamukhazike tsonga ndipo musamugwedeze kuti atsitsimuke. Muvuleni pokhapokha ngati sakupuma, kapena ngati masanzi ndi magazi akumutsamwitsa, ndipo pamenepo pafunika anthu awiri, mmodzi wogwira khosi ndi nsagwada kuti zikhale mowongoka pamene mnzake akumasula lamba n'kuisolola pang'onopang'ono. Pomunyamula, mugonekeni pa chinthu chowongoka monga chitseko kapena thabwa, mutu, khosi ndi msana zili pa mzere umodzi, ndipo musamukweze pa kabaza ngati pali njira ina. Helemeti yakeyo muitenge popita kuchipatala, chifukwa pamene yaphwanyika pamawasonyeza madokotala mbali ya mutu imene yamenyetseka.